Kapangidwe ka bezi yanuyanu pa synth, osamangodalira ma preset

Chomwe chimandiwawa ndikamamvera mabiti a anyamata ambiri omwe angoyamba kumene kupanga nyimbo pa laputopu nchakuti sawundi imangofanana yonse, aliyense amatsegula plugin ya synth, kapulogalamu kopangira sawundi, nkumadina ma preset, masawundi opangiratu omwe imabwera nawo, mpaka atapeza yomukomera basi. Ma preset si oipa ayi, koma tsiku lomwe bezi yakana kukhala bwino mu nyimbo mumangosowa pogwira chifukwa simudziwa zomwe zikuchitika mkatimo. Ndiye tiyeni tipange bezi imodzi tokha, ndipo simukufunika ndalama, plugin ya Vital ndi yaulere, ya Surge XT ndi yaulere, ngakhale 3xOsc ya mu pulogalamu ya FL Studio ndi yokwana.

Choyamba dziwani kuti njira yomwe sawundi imadutsa mu Minimoog, synth ya kampani ya Robert Moog, ija inatuluka mu 1970, ndi yomweyonso ikudutsa mu plugin yanuyo lero. Oscillator imabala sawundi, filter imaisenga, amp imaitsegulira ndi kuitsekera, ndipo envelope ndi imene imauza filter ndi amp nthawi yochitira zimenezo. Mukagwira zinayi zimenezi mutha kukhala pa Korg Minilogue ya 2016 kapena Prophet-5 ya 1978 osasochera.

Yambani ndi init patch, ija yopanda kalikonse. Pa oscillator yoyamba sankhani saw, imalira mokalipa ngati njuchi ndipo ndi zomwe tikufuna, chifukwa muli ma harmonic ambiri, timawu tapamwamba tomwe timalira limodzi ndi noti, oti filter ipeze chodula. Itsitseni octave imodzi kapena ziwiri. Ikani synth pa mono kuti izilira noti imodzi pa nthawi, Minimoog inali choncho ndipo palibe anadandaulapo kuti bezi yake ndi yoonda. Kenako yatsani oscillator yachiwiri, saw yomweyo, koma muisunthe tyuni pang'ono chabe, ma cent 5 kapena 7 (kuchoka pa kiyi ina kufika yoyandikana nayo ndi ma cent 100), mumva ziwirizo zikukhulana sawundi nkunenepa. Mukapyola apo bezi imayamba kumveka ngati yasokonekera tyuni.

Tsopano filter, apa ndi pomwe pagona nkhani. Sankhani low-pass ya 24 dB, yomwe imadula mawu apamwamba nkusiya apansi, ndiyo inali mu Moog. Lembani kabezi ka manoti anayi kazingobwereza, gwirani cutoff, knob yosankha pomwe filter iyambire kudula, tsinzinani, muziitsitsa pang'onopang'ono. Ndikunenadi kuti tsinzinani chifukwa maso amanamiza, mumayamba kuyang'ana manambala mmalo momvera. Mumva kukalipa kuja kukuchoka, sawundi ikulowa mkati ngati woyimba wapita kuchipinda china nkutseka chitseko, mpaka kutsala kugunda kwa pansi kokha. Imani pomwe yangoyamba kufewa koma noti ikuzindikirikabe, kawirikawiri pamakhala pakati pa 200 ndi 400 Hz. Resonance ikwezeni pang'ono, imakuza malo omwe filter ikudulawo.

Pofika apa bezi ilipo koma ndi yogona, ilibe moyo, ndiye envelope ibwere. Pa envelope ya amp attack (nthawi yomwe noti imatenga kuti ikwere) ikhale pafupi ndi ziro, sustain (mphamvu yake mukadina osasiya) pamwamba, release (nthawi yomwe imazilala mukasiya) yaifupi kuti noti isamalowerere inzake. Tengani envelope ina muitumize ku cutoff, attack ziro, decay (nthawi yotsikira pa sustain) ma millisecond 200 mpaka 300, sustain pansi. Chomwe chikuchitika nchakuti noti iliyonse ikagunda filter imatseguka kanthawi nkutsekanso, ndiye mumamva kaja koti bwau bwau. Decay yaifupi imapereka bezi yodumpha, yaitali imapereka yokoka. Khalani pamenepa mphindi 20 mukusewera ndi ma knob atatu okha, cutoff, decay ndi kuchuluka kwa envelope, muphunzira zambiri kuposa kuonera mavidiyo tsiku lonse.

Mukafuna kumva komwe njira imeneyi ingakufikitseni, siyani oscillator imodzi, kwezani resonance kwambiri, yatsani glide kuti manoti azitererana. Imeneyo ndi sawundi ya Roland TB-303 ya 1981. Kabokosi kameneka anakapangira oyimba gitala kuti kaziwaimbira bezi, sikanayende malonda ndipo anasiya kukapanga mu 1984, kenako achinyamata a ku Chicago anayamba kukagula motchipa nkumapotokola ma knob nyimbo ili mkati, mtundu wa nyimbo wa acid house unabadwa choncho. Ine nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima kwambiri, anthu amenewo analibe zida zodula, anali ndi makutu.

Musanasunge, yesani pa foni. Tumizani ka loopko ku foni yanu, iikeni pa tebulo, mverani pa sipika yake. Anthu ambiri omwe adzamve nyimbo yanu adzaimvera momwemo, ndipo kasipika ka foni sikatulutsa sawundi yapansi kwambiri, ndiye ngati bezi yazimiririka bwererani mukatsegule cutoff pang'ono kapena muike ka saturation, kokalipitsa sawundi pang'ono, kuti ma harmonic apamwamba aonekere. Ngati pa sipika zazikulu ikumveka yopepuka, onjezani oscillator ya sine, ija yosalala yopanda ma harmonic, octave imodzi pansi, ndipo gawo lapansilo likhale pakati, lofanana pa sipika zonse ziwiri, nthawi zonse. Ikakhala bwino isungeni ndi dzina lanu.

Palinso mtundu wina wa kapangidwe ka sawundi wotchedwa FM, uwu sudula sawundi koma oscillator imodzi imagwedeza inzake mwachangu mpaka kutuluka kulira ngati belu kapena chitsulo. John Chowning ndi amene anaitulukira ku Stanford, Yamaha nkuiika mu synth ya DX7 mu 1983, kupanga sawundi pa kasikirini kake kakang'ono kunali kovuta moti ambiri ankangogwiritsa zomwe inabwera nazo. Log drum ya amapiano ija inachokera ku Fruity DX10 ya mu FL Studio, nayonso ndi FM. Mukafuna kuilowa bwino tengani Dexed, ndi yaulere ndipo imawerenga ma patch a DX7 enieni, koma muyambe mwamaliza za filter zija.

Za kugula chida chenicheni, maganizo anga ndi oti choyamba chikhale chatsopano chokhala ndi ma knob poyera, monga Minilogue, Korg Volca kapena Behringer Model D yomwe anatengera Minimoog. Zakale zimakoma zedi koma zimafuna munthu wodziwa kukonza. Juno-106 ya 1984 imadziwika ndi vuto la ma voice chip a 80017A, omwe noti iliyonse imadutsa mwa imodzi, ndiye musanapereke ndalama dinani manoti 6 limodzilimodzi osasiya, ngati ina yakhala chete kapena ikuthetheka dziwani kuti chip yayamba kufa. DX7 ili ndi batire mkati lomwe likatha ma patch amafufutika. Ndipo chida chilichonse chochokera ku Japan yang'anani kaye kuseri kwake, zambiri ndi za 100V pomwe magetsi akwathu ndi 230V, popanda step-down transformer chimapsa pomwe mwangochilumikiza. Muikenso surge protector, ndipo magetsi akazima chotsani pulagi kukhoma, mudzabwezeretse akabwera nkukhazikika.