Nambala ya 53,333: iphwanyeni musanapite nayo kumunda

Alimi otsogolera ambiri amaidziwa pamtima nambala ya 53,333. Amati ndiye chiwerengero cha mbewu za chimanga pa hekitala imodzi ukadzala m'njira ya Sasakawa, ija yodzala mbewu imodzi paphando. N'zoona, koma mukawafunsa komwe inachokera, ambiri amangoti alangizi ndiwo ananena. Mlimi woloweza chabe sangathe kuwerengera munda wake womwe si hekitala yathunthu, ndipo minda yathu yambiri siyifika n'komwe pamenepo.

Hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Mukachulukitsa mupeza 10,000. Mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, phando lililonse mbewu imodzi. Ndiye kuti mbewu imodzi ikutenga malo a mamita 0.75 (masentimita 75 aja) kuchulukitsa ndi mamita 0.25 (masentimita 25 aja), zomwe ndi 0.1875. Gawani 10,000 ndi 0.1875, yankho ndi 53,333 ndi kachigawo kotsala kamene timangokasiya.

Tsopano iyang'aneni nambalayo payokha. Ikuthera pa 3, choncho siyigawika ndi 2 kapena 5 popanda chotsala. Mukaphatikiza manambala ake, 5 ndi ma 3 anayiwo, mupeza 17, ndipo poti 17 sagawika ndi 3, nayonso siyingagawike ndi 3. Apa munthu angaganize kuti ili m'gulu la manambala omwe aphunzitsi a masamu amati prime, aja ogawika ndi 1 komanso iwo eni basi. Ayi ndithu. Igaweni ndi 7, mupeza 7,619 ndendende. Gawaninso 7,619 ndi 19, mupeza 401, ndipo 401 ameneyu ndiye sagawikanso. Choncho 53,333 ndi 7 kuchulukitsa ndi 19, kuchulukitsanso ndi 401.

Chondisangalatsa n'chakuti zidutswazi zikugwirizana ndi zam'munda. Kuchulukitsa 7 ndi 19 kukupereka 133, yomwe ndi mizere yokwana m'mamita 100. Ndipo mzere wa mamita 100, mukadzala kuyambira kunsonga mpaka kunsonga inayo, umakhala ndi mapando 401. Phunzitsani anzanu manambala awiriwa m'malo mwa yayikuluyo, chifukwa njira yake imagwira pamunda uliwonse: werengani mizere, werengani mapando a mzere umodzi, chulukitsani. Pa ekala yembekezerani mbewu pafupifupi 21,600.

Vuto lalikulu lili pa kuunga mizere. Dzanja linazolowera masentimita 90 akale, pamene anthu ankadzala mbewu zitatu paphando, mapando otalikirana masentimita 90, n'kupeza mbewu 37,037 pa hekitala. Mukasiya mizere pa 90 koma n'kumadzala imodziimodzi pa 25, mupeza 44,444 yokha. Mbewu pafupifupi 8,900 zasowa mvula isanagwe n'komwe, chonsecho feteleza mwagula wa hekitala yonse. Dulani timitengo tiwiri, kena ka masentimita 75, kena ka 25, ndipo aliyense wogwira khasu, aganyu omwe, akhale nato.

Chimanga chikamera, yezani mamita 10 pamzere n'kuwerenga. Muyenera kupeza mbewu 40 kapena 41. Chitani izi pamalo asanu osiyanasiyana, osati m'mbali mwa njira mokha momwe mumaoneka bwino. Mukamapeza 30, munda wanu watsikira pa mbewu 40,000 pa hekitala, ndipo pakizani msanga sabata yomweyo chimanga chomeracho chisanatalike n'kuphimba chatsopanocho.