Galimoto yogonamo paulendo wa ku Mangochi

Masiku ano si alendo ochokera kunja okha amene akubwera kunyanja pa galimoto yoti ndi nyumba yomwe. Amalawi anzathu ena anaika tenti padenga la Hilux kapena Land Cruiser, ena anachotsa mipando m'minibasi n'kuikamo bedi, filiji ndi chitofu cha gasi. N'zosangalatsa ndithu. Koma galimoto yotere imalemera kuposa mmene mwini wake amaganizira, ndipo kuno ku Mangochi kulemerako kumakumana ndi kutentha ndiponso mchenga. Mavuto ambiri a paulendo amayambira pamenepo.

Yambani mwawerengera katundu musanapakire. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 ikadzaza mwanyamula kale makilogalamu 100. Onjezanipo batire yachiwiri, tenti, botolo la gasi, tayala la sipeya, chakudya ndi anthu. Malire a katundu amalembedwa m'buku la galimoto kapena pa kachitsulo ka pakhomo la dalaivala, ndipo muwawerenge. Zolemera zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Padenga pazipita zopepuka zokha, chifukwa galimoto yolemera pamwamba sichedwa kupendekeka pokhota.

Amene mumachokera ku Lilongwe kudzera pa Masasa kutsikira ku Golomoti, mvetserani bwino apa. Dedza ili pamtunda woposa mamita 1,500 pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanaku mumaitsika pa msewu wokhotakhota uja. Mukatsika mutangoponda mabuleki, amatentha, amayamba kununkha, kenako mumaponda koma galimoto osaima. Ikani giya yachiwiri musanayambe kutsetsereka kuti injini izigwira galimoto, mabuleki muziponda pang'ono n'kusiya. Ya otomatiki muiike pa 2 kapena pa L. N'chimodzimodzi potsika kuchokera ku Namwera kubwera paboma. Mukamva fungo la mabuleki, imani pamalo abwino adzizizirire okha. Musawathire madzi, zitsulo zimapindika. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndiye asinthidwe zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka ngati abwinobwino.

Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha mpaka kudutsa madigiri 35. Musananyamuke, makaniko aone rediyeta, mapaipi ake, lamba wa fani ndi oyilo. Mu rediyeta muzikhala coolant (madzi a mankhwala oziziritsira injini), osati madzi a pamjigo, chifukwa madzi a m'mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja ndi amchere ndipo amatseka timabowo. Muvi wa kutentha ukakwera, zimitsani choziziritsa mkati, imani pambali, ndipo chivindikiro cha rediyeta musachikhudze mpaka injini itazizira. Nthunzi yake imasupula khungu.

Tibwere ku matayala, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Masana, mutayenda pa phula lotentha la M10 kuchokera paboma kupita ku Monkey Bay, geji idzaonetsa mpweya wochuluka. Musauphwetse, umabwerera wokha tayala likazizira. Tayala lopanda mpweya wokwanira pa galimoto yolemera ndi limene limatentha n'kuphulika.

Pamchenga nkhani imasintha. Tinjira tolowera kugombe ku Chembe, ku Nkope kapena ku Makanjira tili ndi malo a mchenga wofewa, ndipo tayala lolimba limangokumba. Chepetsani mpweya kufika cha m'ma 1.5 bar pa geji kuti tayala litambasuke, ikani fowilo (giya yokoka ndi matayala onse anayi) musanalowe, yendani pa liwiro limodzi popanda kukhota mwadzidzidzi kapena kuponda buleki mwamphamvu. Mukangomva kuti matayala akuzungulira pamodzimodzi, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Kuwonjezera moto ndiko kumakhazika galimoto pamimba, komanso kumawotcha kilachi. Tsikani, fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala onse ndi fosholo, yalani matabwa, makapeti a m'galimoto kapena nthambi, ndipo yesani kubwerera m'mbuyo motsata mmene matayala anu anadutsa kale, poti pamenepo mchenga waumbika kale. Jeke payokha imamira, ndiye muzikhala ndi thabwa lochindikala loikapo. Anyamata a pagombe akabwera kudzakankha, gwirizanani za kangachepe ntchito isanayambe. Mukatuluka, popani matayala musanakwere phula. Ichi n'chifukwa chake pampu yolumikiza ku batire ndi geji si zinthu zosiya kunyumba. M'mawa mchenga umakhala wolimbirapo kusiyana ndi masana, choncho ngati malo ndi okayikitsa, tulukani kusanatenthe.

Nyengo ya mvula, madzi othamanga pamsewu musawoloke, dikirani aphwe. Usiku ndi bwino kusayenda n'komwe: njinga zopanda nyali, mbuzi ndi anthu oyenda pansi zimakhala m'mbali mwa msewu, ndipo galimoto yolemera imafuna mtunda wautali kuti iime. Mafuta thirani paboma kapena ku Monkey Bay thanki isanafike theka.

Filiji isamadye batire yolizira injini. Ikhale ndi batire yakeyake, yolumikizidwa mwanjira yoti injini ikazima ziwirizi zizilekana. Batire wamba ikadzaza imaonetsa mavolti 12.6 kapena 12.7, ikafika cha m'ma 12.1 ndiye kuti yatha theka, ndipo kuitsitsa kupitirira apo kawirikawiri kumaipha msanga. Kukatentha filiji imalira nthawi yaitali, choncho imikani galimoto pamthunzi, sola muiike padzuwa ndi chingwe chachitali, ndipo muziipukuta fumbi. Mthunziwo muusankhe: pansi pa mlambe wa zipatso kapena mango akupsa, galasi likhoza kusweka.

Za gasi ndilankhula mosabisa, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Botolo liziima chilili, lomangidwa, lotsekedwa nthawi yonse imene galimoto ikuyenda. Pamalumikizidwe pakani thovu la sopo. Likamafufuma, gasi akutuluka. Kuphika kuzichitika panja. Mbaula ya makala isalowe m'galimoto kapena mutenti, ngakhale mwera utawomba bwanji mu Juni ndi Julayi. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Chozimitsira moto chikhale pofikira dzanja, osati pansi pa zikwama. Neti ya udzudzu ikhale yokwana pogona ponse, poti malungo kuno sasankha mlendo.

Madzi akumwa muwathire mankhwala a klorini kapena muwawiritse. Madzi otsukira mbale ndi za m'chimbudzi chonyamula zisapite m'nyanja kapena pamchenga. Funsani eni malo ogona kumene mungakhuthulire. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inasautsa kwambiri boma lino, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amatunga madzi pagombe lomwelo limene inu mwaimikapo. Ku Cape Maclear muli m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Kutsukira galimoto m'nyanja kumasiya oyilo ndi sopo m'madzi a nsombazo. Kumeneko kulinso anyani odziwa kulowa pazenera, ndiye chakudya chizikhala chotsekeredwa.

Gombe limene likuoneka lopanda mwini limakhala dooko la asodzi, poyanika usipa ndi maukonde. Ngati simugona pamalo olipira, kaonaneni ndi amfumu kaye. Iwo ndi amene angakuuzeninso kumene mvuu zimatulukira usiku ndi kumene kuli ng'ona, makamaka cha ku mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe. Madera ambiri kuno ndi a abale athu achisilamu, choncho zovala zosambira zithere pagombe. Polowa m'mudzi valani modzilemekeza.

Mukabwerera kunyumba, tsukani kunsi kwa galimoto kuti mchenga uchoke m'mabuleki ndi m'masipuling'i, ndipo sefa ya mpweya muigugude kapena muisinthe ngati yadzaza fumbi. Tenti itambasulidwe padzuwa mpaka iumiretu, apo ayi mudzaipeza itachita nkhungu. Thanki ya madzi ikhuthulidwe. Ngati galimoto ikhala milungu ingapo osayenda, tchajani mabatire onse awiri adzaze, kenako mumasule waya wa negetivu.