Mmene Mungadziyezere Mawere Kuti Khansa Ipezeke Msanga

Khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayambira m'maselo a m'tinjira todutsa mkaka. Selo labwinobwino limagawikana mwadongosolo, ndipo likakalamba limafa. Koma DNA yake (malangizo a m'kati mwa selo amene amayendetsa ntchito zake) ikamawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, limayamba kuchulukana mosalekeza mpaka kupanga chotupa. Majini (tizigawo ta DNA timene timatengera kwa makolo) otchedwa BRCA1 ndi BRCA2 amathandiza kukonza DNA yowonongeka, choncho mayi wobadwa ndi vuto pa imodzi mwa majiniwa amakhala pachiopsezo chachikulu. Ngati amayi anu kapena achemwali anu anadwalapo khansayi, auzeni adokotala.

Dziyezeni kamodzi pamwezi, patatha masiku ochepa mutamaliza kusamba, mawere asali otupa. Amene munasiya kusamba, sankhani deti limodzi mwezi uliwonse. Imani pagalasi manja ali m'chiuno, kenako muwakweze m'mwamba. Yang'anani ngati khungu lalowa m'kati kapena lakhakhala ngati khungu la lalanje, ngati nsonga ya bere yabwerera m'kati, kapena ngati ikutuluka magazi. Kenako gonani chagada, ikani pilo pansi pa phewa la mbali ya bere limene mukuyeza, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja linalo, sindikizani mozungulira bere lonse mpaka m'khwapa. Musafinye bere ndi zala ziwiri, chifukwa mukatero chilichonse chimamveka ngati chotupa.

Zotupa zambiri si khansa, koma chotupa cholimba ndi chosasuntha musachidikire kuti chiyambe kupweteka. Pitani kukiliniki yapafupi muno mu Lusaka. Akhoza kukutumizani ku chipatala cha University Teaching Hospital (UTH) kapena ku Cancer Diseases Hospital, kumene amatenga kachidutswa ka chotupacho n'kukayeza kuti atsimikize.