Ubuntu ikakana kuyaka n'kungolemba grub rescue

Achimwene a ku Kapata, mwati chigawireni hard disk, laputopu yanu ikungolemba "grub rescue>". Musade nkhawa ndi mafayilo, GRUB, pulogalamu yomwe imayatsa Ubuntu, ndiye yasochera.

Lembani ls kuti muone magawo monga (hd0,gpt2). Yesani limodzilimodzi motere: ls (hd0,gpt2)/boot/grub. Gawo lomwe lakuonetsani mafayilo ndi lomwelo. Tinene kuti ndi gpt2, lembani:

set root=(hd0,gpt2)
set prefix=(hd0,gpt2)/boot/grub
insmod normal
normal

Ubuntu ikayaka musathamangire kuzimitsa, zimene mwalembazi sizisungika. Tsegulani Terminal (pulogalamu yolembamo malamulo), muyambe ndi lsblk kuti mudziwe dzina la disk, poti zina ndi /dev/nvme0n1 osati /dev/sda. Kenako sudo grub-install /dev/sda (pa /dev/sda ikani dzina la disk yanu), mumalize ndi sudo update-grub. Batire likhale lodzaza musanayambe, malaiti a kuno ku Chipata mukuwadziwa.