Njinga yamoto yotuluka kumene: mmene mungadziwire ngati ikuyenera ndalama zanu kuno ku Zomba

Pafupifupi chaka chilichonse makampani opanga njinga zamoto amatulutsa mtundu womwe uja wakale atausintha apa ndi apo, ndipo wogulitsa amauza aliyense wolowa m'sitolo kuti imeneyi ndiye yatsopano. Ndikunena za njinga za injini ya 150cc kapena 160cc, zooneka ngati za mpikisano koma zopangidwira kupita kuntchito ndi kubwerako, monga Bajaj Pulsar, TVS Apache ndi Yamaha FZ, zimene zimasiyana kwambiri ndi ma Boxer ndi ma Lifo amene akabaza amayendetsa m'tauni muno. Munthu amene wasunga ndalama kwa nthawi yaitali ndipo akufuna kusiya kudikira minibasi pa Chinamwali m'mawa uliwonse ayenera kudziwa ngati ndalama yoonjezera imene akuuzidwa kulipira pa mtundu watsopanowo ikugula chinthu chenicheni, ndiponso ngati chinthucho chingathe kukhalitsa m'misewu yathu ndi m'manja mwa amakaniko athu.

Yambani ndi kumufunsa wogulitsa kuti akuuzeni mwatchutchutchu zimene zasintha poyerekeza ndi mtundu wa chaka chathachi, ndipo musamulole kuti angoyankha kuti "zonse". Zimene angatchule zimagwa m'magulu awiri. Utoto watsopano, zomata za pathanki, nyali za LED, sipidomita ya manambala owala ndi kulumikiza foni pa Bluetooth n'zosangalatsa m'maso, koma sizisintha mmene njingayo imayendera, kupatula nyali yakutsogolo imene ingakuthandizeni ndithu ngati mumabwerera kunyumba kutada. Zimene ziyenera kukuimitsani kuti muganize ndi mabuleki, njira imene mafuta amafikira mu injini, mashoko ndi feremu. Ngati kusintha konse kuli m'gulu loyamba lija, funsani ngati mtundu wakale ukadalipo m'sitolo pa mtengo wotsikirapo, chifukwa njinga ndi yomweyo itangovala malaya ena.

Pali mbiri imene imathandiza kumvetsa chifukwa chake njinga zimenezi zasintha kwambiri m'zaka zapitazi. Zambiri zimapangidwa ku India, kumene Pulsar inayamba kugulitsidwa mu 2001. Kuyambira mu April 2019, lamulo la dzikolo linakakamiza kuti njinga iliyonse yatsopano yoposa 125cc ikhale ndi ABS, chipangizo chimene chimaletsa tayala kugwira kotheratu munthu akamanga buleki mwadzidzidzi, ndipo mu April 2020 kunabwera malamulo okhwima ochepetsa utsi otchedwa BS6, amene anachititsa kuti makampani asiye kabureta, kachipangizo kakale kosakaniza mafuta ndi mpweya, pa njinga za msinkhu umenewu n'kuika jekiseni wa mafuta woyendetsedwa ndi kakompyuta. Koma malamulo amenewo ndi a njinga zogulitsidwa ku India komweko. Zotumizidwa ku Africa nthawi zambiri zimakhala ndi dzina lomwelo ndi maonekedwe omwewo, pamene mkati mukadali kabureta ndipo ABS mulibe, choncho zimene mwaonera pa YouTube musaziyese kuti ndizo zili pa njinga imene yaimikidwa pamaso panu.

Mukhoza kutsimikiza nokha popanda kudalira mawu a munthu. Gwadani pafupi ndi tayala lakutsogolo n'kuyang'ana pakati pa disiki ya buleki: njinga ya ABS imakhala ndi kamphete kachitsulo kokhala ndi timipata tambirimbiri, ndipo pafupi nako pamakhala kachipangizo kolumikizidwa ndi waya wokwera m'mbali mwa foloko. Mukatembenuza kiyi, kanyali kolembedwa kuti ABS kamayaka ndipo kamazima njinga ikayamba kuyenda. Yang'ananinso tayala lakumbuyo, chifukwa njinga zambiri za mtengo wapakati zili ndi ABS kutsogolo kokha. Za jekiseni, tembenuzani kiyi osaliza injini n'kutchera khutu pafupi ndi thanki. Mudzamva kulira kwapansipansi kwa pampu ya mafuta kwa masekondi ochepa, ndipo mukafufuza m'mbali simudzapeza tchoko kapena kampopi kotsegulira mafuta kamene tinazolowera pa njinga zakale.

Nkhani ya jekiseniyi ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasangalalira kapena kulirira. Ubwino wake ndi woonekeratu kwa aliyense amene anayesapo kuliza njinga ya kabureta m'mawa wa mwezi wa June kapena July, chifunga chitatsika kuchokera kuphiri, n'kuponda kiki mpaka thukuta kutuluka kuli kozizira. Ya jekiseni imalira msanga, imadziyezera yokha mafuta ndi mpweya kaya muli pansi m'tauni kaya mwakwera pa Ku Chawe pamene mpweya ndi wopepukirapo, ndipo ikasamalidwa bwino imamwa mafuta mosamala. Vuto lake n'lakuti siipirira mafuta akuda. Kabureta ikatsekeka, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaimasula, kuitsuka ndi kuibwezera mu ola limodzi, pamene pampu ya mafuta ikafa kapena jekiseni akatsekeka, pamafunika sipeya yatsopano ndipo nthawi zina makina owerengera kakompyuta kaja. Komanso batire ikatheratu, njinga zambiri za mtundu umenewu sizilira ngakhale mutakankha, popeza pampuyo imayendera magetsi.

Tikudziwa tonse zimene zimachitika mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, monga zakhala zikuchitikira kuyambira mu 2022: munthu amakakamizika kugula petulo wa m'zigubu amene sakudziwa kuti wadutsa kuti. Mlamu wanga anachita zimenezi ndi njinga ya jekiseni imene inali isanathe chaka, ndipo patapita masiku ochepa inayamba kudukiza pokwera mtunda mpaka inazimiratu. Titatsegula thanki tinapeza madzi pansi pake ndi tizinyalala tofiirira titamatirira pa sefa ya pampu. Njingayo inakhala m'khonde milungu itatu kudikira sipeya yochokera ku Blantyre, iye akulipira kabaza tsiku ndi tsiku. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, mchitidwe umene unayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi, motero njinga yongoimikidwa miyezi ndi thanki yosadzaza imasonkhanitsa madzi pang'onopang'ono. Ngati mukudziwa kuti ntchito yanu idzakukakamizani kuthira mafuta a m'zigubu kawirikawiri, jekiseni si bwenzi lanu, ndipo ngati mwagula kale, sefani mafutawo ndi nsalu yoyera yothina musanathire.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mupite kwa makaniko musanapite kusitolo. Pezani amene mukufuna kuti azidzakukonzerani njinga kuno ku Zomba, mumuuze dzina ndi mtundu wake weniweni, ndipo mumufunse ngati anaitsegulapo. Kenako yendani m'mashopu a masipeya n'kufunsa mtengo wa zinthu zimene zimatha msanga: mapadi a buleki, tcheni ndi masipuloketi ake, kebulo ya kilachi, pulagi, sefa ya mpweya ndi tayala lakumbuyo la saizi yake. Mukaona kuti pa chilichonse akukuyankhani kuti "tikhoza kuitanitsa", dziwani kuti mawu amenewo mudzawamva nthawi yonse imene mudzakhale ndi njingayo. Limbe si kutali kwambiri, koma ulendo wa makilomita oposa 60 chifukwa cha mapadi a buleki umatopetsa ukabwerezedwa. Mtundu wotuluka kumene umavutirapo pa nkhaniyi chifukwa masipeya ake amachedwa kufika pamsika, ndipo nthawi zina kusintha kwakung'ono kwa kampani kumachititsa kuti sipeya ya mtundu wakale isalowe.

China chofunika kuunika ndi msewu umene mudzayendemo masiku ambiri, osati umene mumaulakalaka pa Loweruka. Kwa munthu wokhala ku Matawale kapena ku Chikanda amene amagwira ntchito m'tauni, kapena woyenda pa M3 kupita ku Domasi, ku Thondwe ngakhale ku Blantyre, njinga yoteroyo ili pamalo pake: ili ndi mphamvu yopitirira lole mosadodoma, imakhazikika pa liwiro, ndipo buleki ya disiki yokhala ndi ABS ikhoza kukupulumutsani pamene mbuzi kapena wanjinga yakapalasa walowa mumsewu phula litanyowa ndi mvula. Koma mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene amayenda njira za fumbi zopita kumidzi ya ku Chingale kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa aganize kawiri. Njinga zimenezi zimalemera pafupifupi makilogalamu 140, ndipo kuidzutsa itagwa m'matope muli nokha si masewera. Marimu ake ndi a aloyi, amene akamenya mwala kapena dzenje mwamphamvu amapindika kapena kusweka, pamene rimu ya masipoko imawongoleka. Mapulasitiki okongola aja ndiwo amayamba kusweka ndi kulira, ndipo pa miyala yotayirira ABS imatha kutalikitsa mtunda woimira m'malo moufupikitsa. Mpando wakumbuyo nawonso ndi waung'ono ndi wokwera, wosayenera thumba la feteleza kapena mayi wobereka mwana, choncho amene akuganiza zodzaigwiritsa ntchito ya kabaza angoiwala.

Musagule musanakwere. Ogulitsa njinga zatsopano kawirikawiri salola kuti ichoke pakhomo, choncho funani mnzanu amene ali ndi mtundu womwewo kuti akubwerekeni, kapena ngati mukugula kwa munthu, mupite naye limodzi. Kuno tili ndi mwayi chifukwa msewu wokwera ku Ku Chawe ndi malo abwino oyesera njinga. Pokwera, muli awiri, mverani ngati injini ikukoka bwino m'giya yachitatu popanda kugogoda, ndipo onani ngati kilachi sikuterereka, kutanthauza kuti injini ikulira kwambiri koma liwiro silikuonjezeka. Potsika ndiye pamene choonadi chimaonekera: gwiritsani ntchito magiya otsika, mangani buleki yakutsogolo mofatsa musanalowe pa kona iliyonse, ndipo onani ngati chogwirira chake chikukhalabe cholimba mukafika pansi kapena chayamba kufewa. Mverani manja ndi msana wanu, chifukwa njinga zina zooneka za mpikisano zimaweramitsa munthu, ndipo potsetsereka thupi lonse limatsamira pa zikhatho. Mukafika m'tauni dutsani pa mahampu angapo muli ndi mnzanu kumbuyo kuti mumve ngati pansi pake pakugunda.

Pomwepo mukhozanso kuyeza mafuta m'malo mokhulupirira nambala yolembedwa pa pepala la wogulitsa. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani makilomita amene ali pa sipidomita, yendani maulendo anu a nthawi zonse kwa masiku angapo, kenako dzazaninso n'kugawa makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Njinga ya 160cc imamwa kuposa ya 100cc kapena 125cc, ndipo kusiyanako kumaoneka kochepa pa tsiku koma kumakula pa chaka. Thanki yaikulu ili ndi phindu lake mafuta akamasowa: ya Pulsar 150 imalowa malita 15, pamene ya Apache RTR 160 4V imalowa 12.

Powerengera ndalama, musaime pa mtengo wa m'sitolo. Njinga iyenera kulembetsedwa ku Road Traffic kuti ikhale ndi nambala ndi buluu buku, iyenera kukhala ndi inshuwalansi, ndipo inu muyenera kukhala ndi laisensi yoyenera, pokumbukira kuti ya A1 imathera pa 125cc ndipo njinga yoposa pamenepo imafuna ya A. Onjezani helemeti yabwino, ziwiri ngati mudzanyamula munthu, ndi oyilo wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA pa botolo, chifukwa oyilo wina wa galimoto amatereretsa kilachi imene imasambira mu oyilo womwewo wa injini. Masipeya onse amachokera kunja, ndipo aliyense akukumbukira mmene mitengo inadumphira ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho njinga yokhala ndi zipangizo zambiri zamagetsi imakumangirirani kwambiri ku mtengo wa dola. Funsaninso za waranti: ndi ya nthawi yaitali bwanji, ndipo imafuna kuti sevisi izichitikira kuti. Ngati yankho ndi ku Blantyre kokha, werengerani maulendowo.

Maganizo anga ndi akuti mtundu watsopano ukuyenera ndalama yoonjezerayo ngati wabweretsa ABS kapena buleki yabwinopo, ngati maulendo anu ambiri ndi a pa phula, ndiponso ngati mwapeza makaniko ndi shopu ya masipeya zimene zikuidziwa njingayo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mtundu wakale wa kabureta, watsopano wotsalira m'sitolo kapena wogwiritsidwapo ntchito mosamala, udzakutumikirani bwino pa mtengo wotsika. Mukasankha wogwiritsidwapo ntchito, pitani m'mawa injini isanalizidwe, igwireni kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, ndipo muilize nokha mukuyang'ana ngati ikutulutsa utsi wabuluu. Musanapereke ndalama, yerekezani nambala ya feremu, imene imadindidwa pakhosi pa njinga pansi pa mahandulo, ndi nambala ya injini ndi zimene zalembedwa mu buluu buku, ndipo mupite limodzi ndi mwini wake ku Road Traffic kukasintha umwini.