Marimu akuda a magalimoto a mu Johannesburg

Abale otsuka magalimoto kuno ku Joni, zakuda zokakamira pa marimu zija si matope ayi. Ndi fumbi la mabuleki, tizitsulo timene timapsera pa rimu yotentha, makamaka ya kutsogolo, galimoto ikamangoimaima pamzere wa pa msewu waukulu wa M1 m'mawa. N'chifukwa chake sopo wamba amalephera.

Dikirani rimu izizire kaye pamthunzi. Itsireni madzi, muwaze iron remover, mankhwala osungunula tizitsulo timeneti. Akayamba kuoneka pepo ndiye kuti wagwira. Pakatha mphindi zitatu, kwechani ndi burashi yofewa, m'makona mulowetse mswachi wakale, n'kutsukuluza asanaume. Madontho a phula amachoka ndi palafini pang'ono pakansalu.

Sitiliwulo ndi mankhwala otsukira uvuni, chonde ayi. Mnzanga wina anayesa pa BMW ya kasitomala, rimu inatuwiratu, malipiro a sabata yonse n'kuthera pomwepo.