Mafizo pa khonde la tchalitchi: momwe mungayambitsire gulu lothandiza odwala m'dera lanu pa mtengo wofikirika

Munthu akatulutsidwa m'chipatala atadwala sitiroko, adokotala amangoti, "Muzibwera nawo ku mafizo." Kunena n'kosavuta. Koma kuchoka ku Area 25 kapena ku Chinsapo kukafika ku Kamuzu Central ndi munthu woti mwendo ndi mkono sizikugwira, minibasi simungayiyerekeze n'komwe. Pafunika galimoto yahayala, pafunikanso wina ajombe ku ntchito kuti aperekeze. Ife azakhali athu tinawapititsa maulendo anayi, wachisanu ndalama inakana. Anangokhala pa mkeka mpaka zala zinayamba kupindikira mkati.

Malo otikita minofu mumzinda wa Lilongwe muno alipo, m'mahotela ndi cha ku City Centre, koma mitengo yake si ya mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kawale. Njira yomwe ndikulongosola pano ndi ya gulu la m'dera logwira ntchito ngati bizinesi, lolipiritsa ndithu, koma phindu osagawana. Wopeza bwino amalipira mokwanira, ndalama yakeyo n'kunyamula gogo yemwe alibe.

Choyamba, werengani anthu musanagule kanthu

Pitani kwa amfumu a m'dera, kwa alangizi a zaumoyo, ndi kwa amayi a ku mpingo kapena ku mzikiti omwe amayendera odwala m'makomo. Iwowa amadziwa khomo lililonse lomwe kuli wodwala sitiroko, wa nyamakazi, wa msana, kapena mayi yemwe chiferedwere sanatulukenso panja. Lembani m'kope. Lembaninso gulu lachiwiri, lomwe ambiri amaliiwala: aphunzitsi, ogwira ntchito ku Capital Hill omwe amatandala pa mpando, oyendetsa kabaza omwe chiuno chimawawawa. Amenewa ndiwo adzalipire. Ngati mayina a gulu lachiwirili sakukwana, dikirani kaye.

Chachiwiri, sankhani zinthu zochepa ndipo dziwani polekezera

Zinayi n'zokwanira: mafizo, kutikita ndi kuthowa, kulangizana za kadyedwe, ndi kucheza ndi ovutika maganizo. Apa ndi pomwe ndichedwepo, chifukwa magulu ambiri amagwera pomwepa.

Inu si chipatala. Munthu akabwera kamwa itapotoka mwadzidzidzi, mkono utalefuka, mawu akumveka ngati woledzera, musamutikite, musamumwetse kanthu. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Katumba wotupa mwendo umodzi, wotentha ndi wopweteka, musamukhudze, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo mukafinya amatha kuthawira kumapapo. Wodwala shuga nthawi zambiri mapazi ake samva bwino kutentha, choncho madzi omwe inu mukuti ndi ofunda akhoza kumuwaula iye osadziwa, chilonda chake n'kukana kupola. Madzi othowera muziyamba mwayesa pa chigongono chanu.

Nkhani ya zitsamba nayo muisamale. Dimba la cham'mwamba, bonongwe, chisoso ndi luni ndi labwino, ndipo ndiwo zake mukhoza kugulitsa n'kupezapo ya sopo. Koma tsiku lomwe wina wa m'gulu adzauze wodwala kuti asiye mapilitsi a BP kapena ma ARV chifukwa akumwa tiyi wa masamba, gulu lanu lasanduka chiphe. Zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala akuchipatala. Lamulo limeneli lilembedwe pa khoma, ndipo woliswa achoke, ngakhale atakhala mkazi wa wapampando.

Pa kadyedwe, musachulutse gaga m'diwa. Bungwe la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndipo munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ziwiri zimenezi zokha mukhoza kuphunzitsa chaka chathunthu.

Chachitatu, pezani katswiri wokuyang'anirani

Ntchito ya mafizo ili ndi eni ake. Amaphunzira ku sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ndipo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Funani mmodzi yemwe angamabwere kamodzi pa mwezi, kapena kawiri ngati thumba likulola. Iye ndiye aziona wodwala koyamba, kulemba zoyenera kuchita, ndi kuphunzitsa anthu anu anayi kapena asanu kagwiridwe ka phewa lomwe lafooka, kadzutsidwe ka munthu pa mkeka osamukoka mkono, ndi zina zotero. Muzimulipira. Mukadalira kukoma mtima kwake, abwera miyezi iwiri basi.

Chachinayi, lembetsani

Ngati mukufuna kukhala gulu la m'dera, yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo. Ngati mamembala akufuna kugula masheya, ndiye kuti ndi kopaletivu, ndipo imalembetsedwa ku unduna wa zamalonda. Chiphaso cha bizinesi mukatenge ku khonsolo ya mzinda. Mukaganiza zolongedza ufa wa cham'mwamba m'mapaketi, a Malawi Bureau of Standards akudikirani. Ndipo chilichonse chomwe mukuchitcha mankhwala, eni ake ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ine ndinganene kuti chaka choyamba zolongedzazo zisiyeni.

Chachisanu, mtengo

Tengani pensulo. Lembani zonse zomwe zimatuluka pa mwezi: ya katswiri, ya anthu anu, mafuta otikitira, sopo, makala otenthetsera madzi, kangachepe ka malo. Tiyerekeze kuti zakwana K240,000, ndipo mukuyembekeza kuthandiza anthu maulendo 60. Ndiye kuti ulendo umodzi ukukudyerani K4,000. Wapantchito alipire K8,000, wa geni yaing'ono K4,000, ndipo pa wapantchito aliyense mwapeza malo a gogo mmodzi wosalipira. Manambalawa ndi ongoyerekeza, anu mupeze nokha. Chofunika n'chakuti malo aulere achokere pa masamu, osati pa chisoni. Mwezi womwe olipira achepa, aulere nawonso achepe, kupanda kutero mutseka.

Ndani woyenera ulere? Musagamule nokha, mudana ndi anthu pachabe. Komiti ya anthu atatu, mmodzi wa kwa amfumu, mmodzi wa ku mpingo, ndi mlangizi wa zaumoyo, ndiyo izisankha. Ndipo musakane wolipira ndi zomwe ali nazo. Mdzukulu akabwera kudzatunga madzi kapena kuthirira dimba m'malo mwa agogo ake, imeneyo ndi ndalama, ilembedwe m'buku. Agogo ambiri safuna kuoneka opempha.

Mtengo muziuunikanso miyezi itatu iliyonse. Tonse tikukumbukira November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mafuta a botolo lomwelo n'kudzuka ndi mtengo wina.

Mpamba woyambira ukhoza kuchokera ku banki m'khonde, koma bwerekani yochepa, yogulira mikeka, mabeseni, matawulo ndi makina oyezera BP. Mitengo iwiri yogwirira pophunzira kuyenda akhoza kukukhomerani kalipentala wa pa msewu. Mabotolo odzaza mchenga amakwana ponyamula. Malo pemphani ku tchalitchi kapena ku sukulu, Loweruka masana.

Chachisanu n'chimodzi, ndalama isagone m'thumba la munthu

Gulu lina lomwe ndinalimo linatha chifukwa msungichuma anabwereka ya gulu kukagulira feteleza, akuti abweza akakolola. Mvula inadula. Tsegulani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya gulu, kenako akaunti ya ku banki yosayinira anthu awiri, ndipo buku liziwerengedwa mokweza pa msonkhano wa mwezi. Anthu anu otikita nawonso azilandira kangachepe. Kudzipereka kumatha sopo akatha kunyumba.

Pomaliza, ikani benchi pansi pa mtengo

Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumamvetsera anthu omwe akuganiza kwambiri, kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Inunso sankhani amayi kapena abambo awiri osunga chinsinsi, muwapezere maphunziro. Benchiyo siya odwala okha. Mwana wamkazi yemwe wakhala akusambitsa bambo ake chaka chonse amafika atatopa kuposa bambowo. Wina akatchula zodzipha, musamusiye yekha, muperekezeni kuchipatala cha m'dera lanu kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God.

Loweruka loyamba itanani anthu asanu ndi mmodzi okha omwe katswiri wawaona kale, atatu olipira, atatu aulere. Aliyense akhale ndi tsamba lake m'kope: BP yake lero, mkono ukukwera kufika pati, akutha kugwira kapu ya tiyi kapena ayi, akuyenda mapazi angati asanapume. Katswiri akabwera kumapeto kwa mwezi, mupatseni kopelo asanakhale n'komwe pansi.